Takisi ya Libasse

Dzina loti Takisi ndinamupatsa ndine, ndipo linamukhala ngati chipsera. Mng'ono wanga Libasse atangomanga denga la lona lachikasu pa boti lake, chikasu cholasa m'maso ngati cha matakisi a mu Dakar, ndinaima pagombe la Ngor m'mawa anthu ali pikitipikiti, n'kumufunsa mokweza ngati angakanditule kumsika wa Sandaga. Gombe lonse linaseka chikhakhali. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale ana ongophunzira kumene kuyankhula ankamuitana choncho. Iye anangomwetulira n'kupitiriza kumanga zingwe zake, ndipo kumwetulirako kunandinyansa kuposa dengalo.

Ine ndine Birame Thiaw, mwana woyamba wa malemu Mandiaye Thiaw. Ntchito yathu, ine ndi Libasse, ndi yotenga alendo okonda kuwedza n'kupita nawo panyanja, aliyense ndi boti lake. Alendowo safuna nsomba chifukwa cha njala ayi. Amafuna kulimbana nayo, kujambulitsa ataikumbatira, kenako n'kutisiyira kuti akazi athu akaphike ndi mpunga. Imene amailota usiku ndi thiof, ndipo thiof wamkulu sakhala paliponse. Amakhala m'mapanga a miyala ya pansi pa nyanja, ndipo mwala woposa yonse ndi umene bambo athu anaupeza ali mnyamata, umene pagombe pano amautcha Mwala wa Mandiaye. Munthu wa banja lina saponyapo nangula, monga momwe sungapisire dzanja kumbali ya mnzako m'mbale ya mpunga.

Pamwamba pa madzi palibe chikwangwani. Mwalawo umaupeza poyang'ana kumtunda kumene wachokera. Zizindikiro zake zenizeni sindinena, ndinalumbira pamaso pa bambo kuti zidzangotuluka pakamwa panga kupita m'khutu la mwana wa magazi athu. Ingodziwani kuti pali nsanja ya mzikiti, pali mlambe, pali phiri, ndipo zitatuzi zimayenera kugwirizana m'diso lako. Ukaphonya pang'ono uli pamchenga, ndipo pamchenga ungakhale tsiku lonse ukudyetsa nkhanu. Bambo anandionetsa ine poyamba, Libasse akadali wamamina. Anthu amaiwala zimenezi.

Tsono kwa zaka ziwiri Libasse anayamba khalidwe limene linkandipsetsa mtima. Ndikangokhala ndi alendo, iye ankanyamuka ine ndisanalize injini. Ngakhale tsiku limene analibe mlendo ndi mmodzi yemwe, ankawotcha petulo wake pachabe, bola andipitirire. Ndikatuluka pakamwa pa gombe, pakati pa chilumba ndi miyala, chikasu chija chili patsogolo panga, ndipo ndinkachitukwana njira yonse mpaka kuchipeza chitakhala pamwala wa bambo ngati nkhuku pa mazira. Akandiona ankasendera pambali pang'ono n'kundikweza dzanja, ngati akundilandira pakhomo pake. Ine mkulu wake, kulandiridwa ndi mwana amene ndinamuphunzitsa kusambira! Kuwonjezera apo, zaka ziwiri zomwezi fumbi la kuchipululu lanyanya. Kale linkabwera miyezi iwiri n'kupita, koma pano limangokhala mumlengalenga chaka chonse, kumtunda kumangooneka mbuu. Ndikadandaula za fumbili pachisakasa pamene timamwera khofi, anzanga ankangoti, "Eya, bambo Birame," n'kuyamba nkhani ya mpira.

Zonsezi ndikanazipirira pakanapanda Honoré. Ameneyu ndi mkulu wa ku Belgium, ankayendetsa sitima ya pamtunda asanapume pantchito, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi wakhala akubwera mwezi wa Febuluwale kuthawa chisanu cha kwawo. Zaka zonsezo sanakwerepo boti la munthu wina. Ankanditcha Kaputeni, liwulo akulikoka ngati akuitana mfumu. Ndinamuphunzitsa kumva kugogoda kwa thiof pa chala, kudya mpunga ndi dzanja osadontheza, ndi kusafunsa msodzi m'mawa kuti akupita kuti. Iye ankandibweretsera mipeni ndi zipewa zaubweya, ndipo anandiuza kuti chithunzi changa chili pakhoma la chipinda chake chochezera, pamwamba pa cha apongozi ake. Alendo ena amabwera n'kupita ngati mame. Honoré anali wanga, ndipo gombe lonse linkadziwa choncho.

Chaka chino anandiimbira foni kutatsala sabata kuti afike. Anazungulira kaye, kufunsa za ana, za zidzukulu, za nkhosa yanga, ndipo ndinadziwa kuti pali kanthu. Kenako anati dokotala wamudula kachironda pakhutu, ndipo wamuletsa kukhala padzuwa. Boti langa lilibe mthunzi. La Libasse lili ndi denga. Anamaliza ndi mawu akuti ndife banja limodzi, choncho palibe chimene chasintha. Ndinamuyankha kuti n'zoona, palibe chasintha, n'kuyika foni m'thumba.

Madzulo ake Libasse anabwera kunyumba, n'kukhala pamkeka m'munsi mwanga ngati mwana wolakwa. Anati mlendoyo ndi wanga ndipo iye sanamupemphe. Anandinyengerera kuti tikwere limodzi boti lake, ine ndizikhala ndi Honoré, iye azingoyendetsa.

"Ine si kondakitala wa takisi," ndinamuyankha. "Tenga mlendo wako. Wakhala ukumusaka zaka ziwiri, wamupha."

Anangomwa tiyi wake n'kutsanzika.

Tsiku loyamba Libasse ndi Honoré anabwerako kunyanja cha m'ma fili koloko masana. Ine ndinali pachisakasa, ndikunamizira kusoka ukonde umene sunang'ambike. Ndinamva phokoso ndisanaone kanthu: amayi ogula nsomba akuthamangira kumadzi ndi mabeseni awo, ana akukuwa kuti Takisi yadzaza. Anali thiof anayi, mmodzi wotalika ngati mwendo wa Honoré yemwe. Kenako ndinamva liwu lija, lokokedwa monga mwa masiku onse: "Kaputeni!" Ndinadzuka, ukonde n'kugwa pamiyendo panga. Nditaima theka ndinazindikira kuti sakuitana ine. Ankaitana Libasse kuti abwere adzagwire mchira wa nsombayo ajambulitse. Anzanga pachisakasapo anaona kudzuka kwanga, ndipo aliyense anapeza chochita ndi kapu yake ya khofi.

Kwathu kuno ukayamikira chinthu, kaya ndi mwana wonenepa, kaya ndi boti latsopano, umamaliza ndi liwu loti kaar, kuti lilime lako lisachidye. Mwana wa zaka zisanu amadziwa zimenezi. Amene amaiwala ndi mlendo yekha, ndipo timamukhululukira chifukwa ndi mlendo. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndipo sindinaiwale. Ndinatsika kumadzi pang'onopang'ono, anthu akundipatsa njira, n'kuima patsogolo pa nsombazo.

"Taonani mng'ono wanga!" ndinatero, mawu anga akumveka mpaka kumzikiti. "Pagombe lonse lino palibe msodzi ngati iyeyu. Dzanja lakeli silibwerako lopanda kanthu. Mbedza yake siphonya, boti lake silidwala, mwayi wake sugona. Taonani dzanjali, anthuni, dzanja lagolide!"

Ndinaligwira dzanja lake lamanjalo n'kulikweza m'mwamba, kenako ndinatseka pakamwa. Aliyense ankadikira kaliwu kamodzi kaja. Amayi a mabeseni anayamba kunong'ona okha kuti kaar, kaar, ena akulavulira pambali, koma onse ankadziwa kuti liwulo limayenera kutuluka pakamwa pomwe patuluka chiyamikirocho. Ndiémé, mkazi wa Libasse, anayika beseni lake pansi n'kubwera pafupi nane.

"Alamu, mawu anu sanathe."

"Atha, mlamu. Kapena ndanama pati?"

"Malizani, alamu. Ndi mwana wa mayi anu ameneyu."

Ndinalisiya dzanjalo n'kutembenuka. Honoré yekha ndiye anawomba m'manja, n'kundithamangira kudzandikumbatira, akunena kuti ankaopa kuti ndakhumudwa, koma tsopano waona kuti ndili ndi mtima waukulu. Ankanunkha mafuta odzola oteteza kudzuwa ndi nsomba za mng'ono wanga.

M'mawa mwake anapitanso, koma dzuwa lisanafike pamutu anali atabwerako, Honoré ndiye akuyendetsa. Thiof wamkulu anadzigwedeza Libasse akumukweza m'boti, mbedza n'kulowa pachikhatho kutulukira kuseri, nsomba n'kubwerera m'madzi. Linali dzanja lamanja lomwe lija. Pofika madzulo linali litatupa ngati buledi, ndipo kuchipatala anamuuza kuti asakhudze madzi a m'nyanja kwa masabata awiri. Ndiémé anafukiza lubani m'boti monse. Ine ndikamadutsa m'tinjira ta m'mudzi, amayi ankaphimba makanda awo ndi nsalu, ndipo moni wanga ankayankhidwa ndi theka la pakamwa. Ngati linali lilime langa kapena nsomba chabe, musandifunse ine. Chimene ndinganene n'chakuti ndinakondwa. Mulungu andikhululukire, koma tsiku limenelo ndinadya mpunga wambiri kuposa mwezi wonse.

Honoré anali atatsala ndi masiku atatu. Anandipeza pachisakasa atavala chipewa chamlaza chachikulu ngati lichero, nkhope ili mbee ndi mafuta ake aja, n'kufunsa ngati kaputeni wake wakale angamutenge. Liwu loti wakalelo linandibaya, koma ndinalimeza. Ndinatsuka boti, ndinasankha ndekha nyambo ya tinsomba ta yaboy togwidwa m'mawa womwewo, ndipo pokankhira botilo m'madzi ndinaonetsetsa kuti ndadutsa pafupi ndi Takisi, imene inali gone pamchenga.

Titatuluka pakamwa pa gombe mtima wanga unali mbee. Kutsogolo kunalibe chikasu, nyanja yonse inali yanga. Ndinayimba ngakhale kanyimbo. Ndinayenda mpaka pamene thupi langa linandiuza kuti tayandikira, ndinachepetsa injini, n'kutembenuka kuti ndiyang'ane kumtunda.

Kunalibe kumtunda. Kunali chinthu chachitali chotuwa, ngati nsalu yakale yoyanikidwa pachingwe. Phiri ndinkaliona pang'ono, mthunzi chabe, koma nsanja ndi mlambe zinali zitasungunuka. Ndinatikita m'maso, ndinasamba kumaso ndi madzi amchere, ndinatsinzina diso limodzi, kenako linalo. Ndinaponya nangula mwa chikhulupiriro, ndipo chingwe chinandiuza m'manja kuti wagwera pamchenga. Ndinamuuza Honoré kuti madzi akukoka kwambiri lero, tisendere. Tinasendera, mchenga. Tinasenderanso, mchenga womwewo. Dzuwa linakwera, ndipo zonse zimene tinakola ndi tinsomba tiwiri tamingaminga timene ngakhale mphaka amatinunkhiza n'kuchoka.

Chingwe cha Honoré chitaduka ndinatenga mbedza ina kuti ndimumangire. Kanayi konse chingwecho chinadutsa pambali pa kabowo ka mbedzayo. Iye anatambasula dzanja mwakachetechete, akunena kuti akufuna kundionetsa mfundo ina imene anaphunzira kwawo, ndipo ndinakumbukira kuti chaka chathanso anandionetsa mfundo yomweyo.

"Fumbi ili," ndinatero, ndikuloza kumtunda ndi chibwano. "Latiphera tsiku."

Honoré anayang'ana kumtundako, kenako anandiyang'ana ine. Si munthu wodziwa kunama.

"Birame, mnzanga, kulibe fumbi. Ndikuona magalimoto akukwera phiri. Ndikutha kuwerenga mawindo a mzikiti."

Sananene kuti Kaputeni. Ndinakhala pansi pafupi ndi injini n'kuyesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinapeza mwala wa bambo poyang'ana m'mbuyo. Ndinafufuza chaka chino, chaka chatha, osalipeza. Zaka ziwiri zonsezi khosi langa silinatembenukepo. Ndinkangoyang'ana kutsogolo, maso ali pa chikasu chija, ndikuchitukwana, ndipo matukwanawo ndi amene ankandifikitsa pamwala.

Honoré anati ngati ndingamuuze zoyenera kuyang'ana, iye akhoza kukhala maso anga. Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo thiof anali pansi pathu penapake, mwina mtunda wongoponya mwala. Pakamwa panga panatseguka ndithu. Koma ndinali nditawononga kale zokwanira ndi pakamwa pomwepo sabata imeneyo, ndipo lumbiro la kwa bambo ndi lokhalo limene linali lisanathyoke. Ndinakoka nangula. Pobwerera ndinalowa pagombe ndi makutu, kumvera mmene mafunde amamenyera miyala ya kuchilumba, chifukwa makutu ndi manja okha ndi amene anali asanandithawe.

Pagombe palibe amene anathamanga ndi beseni. Khutu la Honoré, lodulidwa lija, linali psuu ngakhale anali ndi chipewa. Anandigwira paphewa n'kunena kuti mawa apumula, watopa, ndipo tidzaonana chaka chamawa Mulungu akalola. Sananene kuti m'boti la ndani, ndipo ine sindinafunse. Ndinadziwa kuti zaka khumi ndi zinayi zathera pamenepo.

Sindinapite kwathu. Ndinalowera kwa Libasse ndi zovala zonyowa zomwezo, nthawi imene anthu amakhala pabwalo kudikira kapu yachiwiri ya tiyi. Panali anthu ambiri odzazonda wodwala, ndipo nditalowa nkhani zonse zinaduka. Ndiémé ankasankha mpunga m'lichero pakhomo la khitchini. Sanadzuke, sanandipatse mpando.

"Mwabwera kudzayamikira dzanja linalo, alamu?"

Ndinayenera kulandira zimenezo. Ndinaima pakati pa bwalo, pamaso pa onse, n'kunena kuti kaar. Ndinanenanso kachiwiri ndi kachitatu, mokweza ngati mmene ndinayamikirira pagombe paja. Ndinawauza kuti sindinaiwale tsiku lija, ndinachita dala, chifukwa nsanje inali itandikwera mpaka m'mutu. Ndiémé anati liwu lobwera patapita masiku atatu lili ngati ambulera yofika mvula itakata, koma anatumiza mpando.

Libasse anali pamkeka, dzanja lokulungidwa m'nsalu zoyera lili pachifuwa. Anandifunsa ngati mwala ndinaupeza. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti mawa ndi Lachisanu.

"Unadziwa liti?" ndinamufunsa.

"Tsiku limene munaponya nangula pamchenga n'kuuza alendo kuti thiof asamuka. Ndinali pafupi nanu, achimwene. Ndinakuitanani ndi dzanja, inu osandiona."

"Bwanji sunandiuze?"

Ndiémé anaseka kukhitchini kuja, kuseka kopanda chimwemwe. Anati kundiuza ine kuti maso anga akufa kunali ngati kupisa dzanja m'kamwa mwa shaki, ndipo gombe lonse lakhala likuvomereza fumbi langa kwa zaka ziwiri pofuna mtendere. Anati mwamuna wake poyamba anayesa mbendera yoyera, ine osaiona, kenako lona wabuluu, osamuonanso. Ndipo petulo amene wathera poperekeza munthu amene akukutukwana, iye Ndiémé sanena, chifukwa analetsedwa kunena.

"Ndiye denga limene landilanda mlendo," ndinatero, "unamangira ine."

"Zoti lidzakopa Honoré sindinaziganize, achimwene. Chikasu ndimadana nacho, mukudziwa inu, ngakhale malaya sindivala. Koma tsiku lija munaima pagombe n'kunditcha Takisi, anthu onse akuseka, ine ndinabwera kunyumba n'kumuuza Ndiémé kuti aphike nkhuku."

"Nkhuku ya chiyani?"

"Munali mutaliona muli kuchisakasa. Ndinadziwa kuti ili lokha mukuliona."

Tiyi anafika, wina n'kundiyika kapu m'manja, ndipo ndinaigwira osamwa. Ndikanakonda kunena kuti nsanje inandichoka pamenepo, koma ndingakhale ndikunama. Inangosamuka. Mwanayu anali atandiposa maso, wandiposa mlendo, ndipo tsopano ndinaona kuti ngakhale mtima anandiposa kalekale, ine ndili kalikiliki kumupekera mayina. Ndinayang'ana pamene anakhala. Nkhope yake sindinkaiona bwino, koma nsalu yoyera ya padzanja lija ndinkaiona, ndipo mawu omuyamikira anadzaza m'kamwa mwanga, oona okhaokha ulendo uno. Ndinawaopa. Ndinangosendera pamkekapo, n'kugwira dzanja lake labwinolo, n'kunena motsitsa kuti kaar.